Mphete ya Golnesa ndi Bulu wa Baratali

Golnesa sanabadwire kwathu kuno ku Madan. Anachokera kuchigwa, kwa alimi a mavwende, anthu oti ukawapatsa mwala wa firuze ndi chibenthu cha mbale amathokoza mofanana. Anadzakwatiwa ndi Baratali, mwana wa Bibi Zivar, wokumba miyala kuphiriku, mwamuna wamtali ngati mzati koma nzeru zosadzaza kapu ya tiyi.

Pa ukwati Baratali anamuveka mphete yasiliva, mwala wake wobiriwira ngati thambo mvula itangokata. Za miyala sankadziwa kanthu, koma chimodzi anachimva msanga kuchitsime: firuze sanama. Amatchinga diso loipa, ndipo akayamba kutuwa ndiye kuti mtima wa amene anakupatsa wapita kwina.

Chilimwe cha chaka chomwecho Baratali anapita ku Mashhad kukagulitsa miyala, n'kuchedwako. Mwala uja n'kuyamba kutuwa. Golnesa ankati mwina ndi ufa wa buledi. Anapukuta, anapukutanso, ayi ndithu, mbuu ngati phulusa.

Anaona ndi Shahrbanu wa nyumba yoyandikana nayo, uja pakamwa pake pali ngati khomo lopanda chitseko.

"Achemwali, tionetseni dzanjalo! Mayo ine! Ku Mashhad kuli akazi onunkhira, si ife a fungo la nkhosafe. Yambani kusesa chipinda chinacho."

Kuyambira pamenepo Golnesa ankabisa dzanja m'nsalu, chakudya chosalowa. Abwerere kwa bambo ake ukwati usanathe n'chaka chomwe? Kapena akhale, azigawana mwamuna ngati buledi?

Baratali atabwera, mkazi wake anamuikira tiyi, n'kuvula mphete ija n'kuiponya m'mbale, ngwee!

"Ndani?"

"Ndani chiyani, mkazi wanga?"

"Musandiyese mwana. Dzina lake ndani?"

Baratali anayang'ana mwalawo, nkhope n'kugwa. "Chonde, amayi asamve."

Koma Bibi Zivar anali atamva kale, paja makutu awo ankamva ngakhale nyerere ikatsokomola. Analowa, n'kutola mpheteyo, n'kuiviika m'madzi. Mwala uja n'kubiriwiranso pang'ono.

"Galu iwe!" anakalipira mwana wawo. "Uwu ndi wa mumtsuko!"

Kuno ngakhale khanda limadziwa. Miyala yachabechabe, yofewa ngati choko, imasungidwa m'mitsuko ya dothi lonyowa kuti isatuwe mpaka wogula atapita nayo kutali. Ikauma, zake zada. Ndi yopusitsira alendo imeneyo, osati mkazi wako.

"Mwala wa agogo ako uja ndinakupatsa kuti umuveke mwanayu, uli kuti?"

Baratali anakanda m'mutu. "Ndinasinthanitsa ndi bulu, amayi. Matumba ankandithyola msana. Ndinkati ndimupezera wina asanazindikire."

"Bulu?" anafunsa Golnesa. "Wamphongo kapena wamkazi?"

"Wamkazi."

Apo Golnesa anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi mbwembwembwe, uku apongozi ake akuthamangitsa chimwana chawo ndi patapata kuzungulira bwalo. Atapuma, anavalanso mphete ija, n'kusuzumira pampanda.

"Shahrbanu! Mkazi mnzanga uja ndamupeza. Ali m'khola, akudya udzu. Bwerani mudzam'lonjere, mwina ndinu pachibale."

Tsiku limenelo anadya buledi ngati munthu wochokera paulendo. Buluyo anam'patsa dzina loti Firuze, ndipo ndi amene anam'tungira madzi mpaka ana onse atakula. Baratali anali chitsiru, izo sitingabise, koma maso ake sanapite kwina.

Atakalamba anakumba mwala weniweni, wolimba, wosasowa mtsuko, n'kubwera nawo kwa mkazi wake. Golnesa anauyang'ana, n'kuupereka kwa mwana wawo wamkazi. Iye anakhalabe ndi wotuwa uja, ndipo atamwalira tinamusambitsa uli pachala. Akazi akamuseka kuchitsime ankangotambasula dzanja.

"Inu muzigona ndi mantha ndi yanu yokongolayo. Wangawu unatuwa kale, sungandiopsezenso."