Mabowo Anayi pa Khoma

Bambo anga anasunga kiyi wa tchalitchi chakale cha kuseri kwa siteshoni ya sitima kwa zaka makumi atatu. Mpingo unasamukira kale ku tchalitchi chatsopano cha magalasi. Kuno kunatsala mabenchi ochepa, limba lodyedwa ndi chiswe, nkhunda za kudenga, ndi iwowo, otsegulira alendo odzaona nyumba yakaleyi. Madalaivala a matakisi a pageti ankawatchula Bishopu wa Nkhunda. Iwo ankayankha kuti akhristu awo sachedwa ku mapemphero ngati anthu ena.

Maso awo anachita ng'ala pang'onopang'ono. Tinkadziwa ndi amayi ndi ine basi. Bambo ankati akomiti ya mpingo akangomva awalanda kiyi, ndipo palibe wina angavomere kukhalira tsiku lonse m'fungo la zitosi. Choncho analoweza chilichonse: masitepe asanu apakhomo, thabwa logwedera, mapazi khumi ndi awiri kukafika kuguwa.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali chikwangwani chamkuwa chokhomedwa pamwamba pa guwa, posafika dzanja. Chinali ndi mayina makumi anayi a amene anamanga tchalitchicho, ndipo lomaliza linali la agogo awo, oumba njerwa. Ankaloza ndi ambulera n'kumatchula limodzilimodzi ngati akuwerenga.

Tsiku lina anapita kuchipatala cha maso, atanamiza abusa kuti ndi vuto la msana. Tsiku lomwelo akomiti anabwera ndi makwerero ndi kiyi wa abusa, n'kuzula chikwangwanicho kupita nacho kwatsopano. Sanawauze bambo, poganiza kuti aona okha.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope tsidya la msewu, ndipo masana ndinkakadyera kutchalitchiko. Ndinaona pakhoma patatsala mabowo anayi ndi chigamba choyera. Ndinati bambo ndiwauza mawa. Kwa masabata atatu bambo ankatchula mayina akuloza khoma lopanda kanthu. Alendo ankangoyang'anizana, ena n'kujambula khomalo mwaulemu.

Kenako mlembi wa komiti anabwera ndi alendo a msonkhano waukulu wa mpingo. Ndinali pa benchi yakumbuyo. Bambo anakonza jekete, kukweza ambulera, n'kutchula mayina onse mosadodoma. Alendo atatuluka, mlembi anafunsa motsitsa mawu.

"Achimwene, mayinawa mumawerenga pati?"

"Pamkuwapo. Kapena maso ayamba kukuvutani, alembi?" anatero bambo akuseka.

Mlembi sanaseke. Anawafotokozera za makwerero aja, n'kunena kuti nkhaniyi sangaibise ku komiti, poti mawa mlendo akadzathyoka mwendo pa thabwa lija mlandu udzakhala wake. Bambo anangoti amva. Anatsitsa ambulera ija.

Pobwerera kunyumba anandigwira paphewa, chinthu chomwe ankakana kuchita pamsewu.

"Mwanawe, unkadziwa?"

"Eya, bambo."

"Ndiye umandionerera ndikulalikira khoma?"

Tinapitiriza kuyenda, ndipo sanandifunsenso.

Kiyi anakapereka okha Lolemba, komiti isanakhale pansi. Pachitseko pano pali loko wamkulu ndi pepala lakuti atseka kaye. Pepalalo ndinasindikiza ndine pa shopu, ndipo mvula yalifufuta kale. Chikwangwani chija ndinakachipeza m'chipinda chosungiramo katundu kwatsopano kuja, kuseri kwa mipando yapulasitiki. Akuti akufunafuna malo oyenera.

Bambo amakhala pakhonde, dzanja lili m'thumba momwe munkakhala kiyi. Amayi amawaseka kuti bishopu wapuma, koma iwo sabwezanso nthabwala. Sabata yatha ndinatenga kope kuti andiuze mayina aja ndilembe. Anayamba bwino, koma atafika pakati anaima. Anabwerera poyamba, n'kuimanso pomwepo. Anakweza dzanja ngati akuloza, koma kutsogolo kwawo kunali chingwe choyanikira zovala.

"Tseka kopelo," anatero. "Popanda khoma lija sakubwera."