Inde Bwana Anatsala Pang'ono Kupha Mngelo

Ndiulule ndekha uchitsiru wanga anzanga asanandiululire. Mpaka imvi izi, ine ndinkakhulupirira kuti nkhani yoti kuli nyanja yamchere ndi bodza la matchona. Ndinkati, mchere wokwanira nyanja yonse anagula ndani, m'sitolo iti? Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, tsono sekani mwaulemu.

Anditsegula m'maso ndi a Gondwe, bwana amene ndimawasamalira maluwa ku Area 10. Ndi mmodzi mwa akuluakulu a boma amene asamuka kuchoka ku Zomba kutsatira likulu latsopano lino. Anzawo anabwera ndi mipando ndi agalu. Iwo anabwera ndi bokosi lagalasi, m'kati mwake madzi, miyala ndi kansomba kamodzi kotalika ngati chala changa chamkombaphala. Kofiira ngati khala lamoto, m'mphepete mwa zipsepse kabuluu. Akuti kwawo ndi kunyanja yamchere ija, pa Chingerezi amakatcha mngelo, ndipo sikakula kuposa pamenepo. Tsiku lonse kamangolowa n'kutuluka m'mapanga a miyala, kujompha ndere. Kuikamo kanzake kofanana nako akuti ndi nkhondo. Mngelo wanji wosafuna mnzake?

Tsiku lina bwana atatembenuka ndinaviikamo chala n'kulawa. Matchona, pepani. Mchere weniweni!

Lolemba lapitali a Gondwe anabwerera ku Zomba kukatenga mafayilo otsala. Galimoto ikulira kale panja, anandiitanira pabalaza. Analoza kamzere pagalasi, n'kuloza chigubu pakona, uku akuthamangitsa Chingerezi ngati njinga yopanda mabuleki. Ine ndinatolapo mawu awiri okha: madzi, mchere.

"Mwamva, madala?"

"Inde bwana."

Mukudziwa kutentha kwa masiku ano. Pofika Lachitatu madzi anali atatsika kusiya kamzere kaja m'mwamba. Ndinalawa a m'chigubu: ozizira ngati ndiwo za wodwala, mchere ngakhale wa mankhwala mulibe. Ndinati, bwana aiwala ndi changu, mwayi wawo ali ndi munthu wanzeru pakhomo. Ndinatapa mchere kukhitchini manja awiri, kuvundula, kuthira. Lachinayi chimodzimodzi, ndi basera pamwamba.

Lachisanu m'mawa kamngelo kanali katatsamira mwala, kufiira konse kutatuwa, kakupuma wefuwefu. Apo nthabwala zinandithera. Kanyumba kamene timagona ine ndi mkazi wanga Nachisale ndi ka kuseri kwa bwanayo. Kansomba kakafa, ntchito yatha, denganso lapita. Pa msinkhu uno angandilembe ndani, pamene geti lililonse m'mawa kuli mzere wa anthu amphamvu zawo?

Bwana anafika masana. Moni sanapereke. Anaponya m'madzimo kagalasi kawo koyandama koyezera mchere, n'kuvula magalasi a m'maso.

"Madala, mwathiramo chiyani muno?"

"Chikondi chokhachokha, bwana. Ndi kamchere."

"Ndinati madzi okha! Kutentha kumamwa madzi, mchere kumausiya momwemo. Nanga si munati mwamva?"

"Inde bwana."

"Inde wake uti, wa lero kapena wa Lolemba?"

Tinagwada pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, kutunga kapu imodzi, kuthira kapu imodzi ya m'chigubu, n'kudikira, poti akuti kusukulutsa mwadzidzidzi nakonso kumapha. Loweruka kansomba kanajomphako ndere. Ntchito ilipo, koma andilamula kuti galasilo ndizingoliona ndi maso.

Tsono abale anga, tiyeni tiunike inde wathuyu. Inde amatanthauza kuti mawu anu afika m'khutu. Amatanthauza kuti ndinu wamkulu. Nthawi zina amangotanthauza kuti chonde nyamukani ndipume. Koma kuti ndamvetsa? Mwa kamodzikamodzi.

Kwathu mwana wofunsa wamkulu kawiri timati ndi wamwano. Ulemu umenewo tanyamula pamutu kudzamangira likulu. Pitani ku City Centre kumene akukwezako nyumba zosanja, mukamve inde akuuluka pakati pa kapitawo ndi wokandya simenti. Makoma angati aima pa inde wotere? Mapiritsi angati tikumwa molakwika chifukwa tinachita manyazi kuti adokotala abwereze? Akale anati safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono kudyetsa phulalo mlendo wosalakwa, wochokera kutali kuposa tonsefe.

Nanunso mabwana, musamakhute ndi inde. Muzitiuza kuti, tabwerezani zimene ndanena. Mudzamva zodabwitsa.

Madzulo a Loweruka lija ndinafotokozera Nachisale nkhani yonse, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni. Anangopitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Bambo, ndiwo zikaphwerera pamoto n'kuyamba kuwawa mchere, timathiramo chiyani?"

"Madzi."

"Eya. A Gondwe munaopa kuwafunsa poti ndi bwana. Ine ndinali pompano masiku onsewa, ndikukuonani mukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Nanga ine munaopa chiyani?"