Minsi ya Loweruka ku Kawale

Achemwali anga anawatulutsa m'chipatala Lachiwiri. Sanachire ayi, kungoti bedi lawo linkafunika kwa wodwala wina. Unali mwezi wa Okutobala, chaka chimene sukulu za pulayimale zinayamba kukhala zaulere. Ine anali atangondilemba kumene ntchito ya uphunzitsi, ndikuphunzitsa ana a Sitandade 2 pansi pa mtengo, ndipo ndinkachita lendi kachipinda ku Biwi. Kachipindako ndinakakhoma loko n'kusamukira ku Kawale kuti ndiziwadwazika. Amuna awo, omwe ankayendetsa malole opita kunja, tinali titawaika m'manda mwezi wa Juni. M'nyumbamo tinalimo atatu: achemwaliwo, ine, ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Matendawo panalibe wowatchula dzina. Ndikafika pampopi kukatunga madzi, amayi ankandifunsa kuti, "Kwadzuka bwanji kunyumbako?" Ndikayankha ankangoti pepani, kenaka n'kudikira kuti ndichoke kuti apitirize nkhani yawo.

M'kamwa mwa achemwali munali zilonda zoyera mpaka kukhosi. Phala ankalawa pang'ono n'kukankha mbale. Nthochi yakupsa ankati ikuwakanda ngati mchenga. Ndiye Loweruka m'mawa ndikuwapukuta kumsana, ndinadabwa kumva akuti, "Iwe, lero ndikufuna minsi."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Minsi. Nyama yogaya ija, ya msuzi wolemera, ndi mbatatesi zophwanya. Upite kumsika dzuwa lisanakwere."

Asanakwatiwe anagwirapo ntchito yophika m'nyumba ya azungu ena ku Area 10, ndipo chakudyachi anachiphunzira kumeneko. Kunyumba kwawo ku Kawale ankachiphika pa Khirisimasi pokha. Ine ndinali nditadyapo kangapo, koma kuonerera mmene amaphikira, ayi. Komabe ndinakondwa. Munthu amene wakhala masiku osadya akapempha chakudya, umaganiza kuti mwina zinthu zayamba kusintha.

Kumsika ndinapita kwa bambo wina wachikulire wa ku Mangochi, wovala kachisoti koyera, amene ankagulitsa nyama ya ng'ombe pakona. Nditatchula minsi anapukusa mutu.

"Makina ogayira ali m'masitolo a m'tauni, Mayi. Kuno ife n'chikwanje basi."

"Ndi ya wodwala, Abambo. Sangathe kutafuna."

Anandiyang'ana kamphindi. Sanandifunse kuti akudwala chiyani. Anatsitsa ntchafu pa ngowe, n'kudula mnofu wopanda mitsempha, n'kuuika pa chipika. Kenaka anatenga mipeni iwiri, wina dzanja ili wina dzanja ili, n'kuyamba kuusasantha. Ankausonkhanitsa pakati, n'kuusasanthanso, kubwerezabwereza mpaka thukuta linayenderera m'ndevu zake. Anthu amene anali kumbuyo kwanga anayamba kudandaula kuti akuchedwa, koma iye sanawacheukire n'komwe. Akukulunga nyamayo m'pepala anati, "Mwana wanga wachiwiri nayenso ali gone kunyumba. Iyeyo amapempha mavwende." Ndinalandira ndi manja awiri n'kumapita.

Mbaula ndinaikoleza pakhonde la kuseri. Achemwali anandiuza kuti ndiwayalire mphasa pakhomo penipeni kuti aziona poto. Mawu awo anali atatha, moti ndinkachita kuwerama kuti ndimve, koma ukali wawo wa kukhitchini unali pomwepo.

"Anyezi ayambe. Asapsere, angofewa. Tsopano nyamayo, pang'onopang'ono, osati yonse nthawi imodzi."

Nyama itayamba kugwira pansi pa poto ndinachita mantha, n'kutenga kapu ya madzi.

"Usathire! Ukufuna kuiwiritsa ngati nyama ya pamaliro? Isiye igwire. Kukoma kuli pansipo."

Ndinabweza kapu. Nyama itafiira anandiuza kuti ndiiphule m'mbale, ndisiye mafuta okha m'poto, ndithiremo masipuni awiri a fulawa n'kumatakasa mpaka asanduke ngati njerwa yootcha. Tomato anakana, tsabola anakana, mchere anati wapansonga pa supuni basi, chifukwa zonsezo zikanawalowa m'zilonda. Pothira madzi otentha ndinapupuluma, msuzi wonse n'kuchita mibulu.

Ndinamva akupuma mwamphamvu. Pocheuka ndinaona akukwawa kuchoka pamphasa paja. Ndinati ndiwagwire, anandikankha dzanja. Anakhala pansi pafupi ndi mbaula, n'kundilanda supuni, n'kuyamba kuphwanya mibulu ija umodziumodzi m'mbali mwa poto. Mkono wawo unali utaonda kwambiri moti supuniyo inkaoneka yaikulu. Anatakasa mpaka msuzi unasalala, wonyezimira, n'kubwezeramo nyama ija, n'kuvundikira.

"Chotsako makala, iziwira pang'onopang'ono," anatero. "Ukatha kuphwanya mbatatesi, undibweretsere chitenje changa chobiriwira ndi duku. Ndipo umusambitse mwanayo."

Ndinachita zonsezo osaganiza kanthu. Mwanayo anali akusewera fulaye ndi anzake pamsewu, ndipo analira pomuitana kuti adzasambe masana.

Dzuwa litangopendeka, galimoto yapikapu inaima pakhomo. Munatuluka achimwene aakulu a malemu alamu anga, bambo wamtali wa imvi, mkulu wa mpingo kwawo ku Mzimba, ndi mlongo wawo. Ndinawadziwa chifukwa anabwera pamaliro. Ndinawalowetsa, tinalonjerana, achemwali atatsamira khoma, duku lili kumutu.

"Mulamu," anatero bamboyo, chipewa chili m'manja, "ndikhulupirira kalata yathu munailandira."

"Ndinailandira."

"Kalata yanji?" ndinafunsa.

Achemwali sanandiyang'ane. Bamboyo ndi amene anafotokoza, mofatsa, akusankha mawu a Chichewa limodzilimodzi. Anati banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti mwana apite kwawo kwa bambo ake. Malowolo anaperekedwa onse, ndiye mwamwambo wawo mwanayo ndi wa kumeneko. Sukulu ili pafupi, agogo ake alipo. "Komanso mmene zinthu zilili munomu," anatero, osamaliza.

Magazi anandiwira. Ndinati kwathu ku Dedza mwana ndi wa kuchikazi. Ndinati ine ndilipo, ndine mayi ake aang'ono, ndili pantchito, ndikhoza kumulera. Ndinati mayi ake sanamwalire, ali apa akupuma, mukuwaona. Mawu anga anakwera mpaka mwana uja anasuzumira pakhomo.

"Iwe," anatero achemwali. "Pakula chakudya. Alendo achokera kutali."

Apo m'pamene ndinazindikira. Tsikulo ankalidziwa. Minsi ija, chitenje chobiriwira, kusambitsa mwana, zonse anazikonza kale ali chigonere, ine ndikuganiza kuti njala yawabwerera.

Ndinapakula. Mbatatesi pansi, nyama ndi msuzi pamwamba, monga ankachitira iwowo. Mayi uja ananong'oneza mchimwene wake m'Chitumbuka. Sindichidziwa bwino, koma ndinamva mawu akuti mbale ndi akuti wodwala. Kenaka anandiuza kuti zikomo, iye wadya kale panjira. Bamboyo anamuyang'ana mokhumudwa, n'kupemphera, n'kuyamba kudya mutu uli pansi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti alamu anga anali mng'ono wawo wachiwiri kumwalira m'zaka ziwiri, ndipo kunyumba kwawo kunali kale ana anayi amasiye. Tsiku limenelo sindinkadziwa, ndipo ndinkangofuna kuti chakudyacho chiwatsamwe.

Achemwali anaitana mwana kuti akhale pafupi nawo, aliyense ndi mbale yake. Anatenga supuni, n'kutapa pang'ono, n'kuika m'kamwa. Ndinaona khosi lawo likuvutika kumeza. Anatapanso. Misozi inatuluka yokha n'kutsikira m'masaya.

"Amayi, mukulira?"

"Ndi utsi wa makala uja. Idya. Ukuona ndikudya? Ndayamba kuchira. Iweyo upita kukacheza kwa agogo, ine ndikalimba ndidzabwera kudzakutenga."

"Pa galimoto ili panjayo?"

"Eya. Ukhala kutsogolo."

Mwanayo anadya mpaka kunyambita supuni, n'kupempha ina. Amayi ake anamaliza pafupifupi theka la mbale. Chibwerereni kuchipatala anali asanadyepo chonchi, ndipo supuni iliyonse ankatseka maso asanameze.

Zovala za mwana ndinazipeza zili zopindapinda m'chikwama kunsi kwa bedi. Sindikudziwa kuti anazilongedza liti, mwina tsiku lina ine ndili kusukulu. Mayi uja analoza wailesi ndi suti ya malemu kuti atenge, bamboyo n'kuvomera. Atalozanso bedi ndi mipando, anamuletsa. "Zimenezo zisiye." Bamboyo anagwada pafupi ndi achemwali kuti atsanzike, n'kuwagwira dzanja. Kenaka anadzuka n'kuvala chipewa.

Mwanayo anakwera kutsogolo monga anamulonjezera. Anzake a fulaye anazungulira galimoto, iye akuwabayibitsa pawindo monyada. Amayi ake anali ataimirira pakhomo, ine nditawagwira m'chiuno chakumbuyo kuti asaoneke kuti akugwiridwa. Anakweza dzanja, koma mwanayo anali akuyang'ana anzake aja. Galimoto inakhota pa golosale, fumbi lokha n'kutsala.

Sitinafike n'komwe pamphasa. Anasanza zonse pakhomo pomwepo, mpaka kunayamba kutuluka timagazi. Ndinawapukuta, ndinakolopa, ndinawagoneka. Kenaka ndinanena mawu amene ndimadandaula nawo mpaka lero.

"Mwamupereka ngati nkhuku. Simunandifunse n'komwe."

Anayang'ana kudenga.

"Amayi athu akudwala iwe unali wakhanda," anatero. "Ine ndinali msinkhu wa mwanayu. Ndinkaona akuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Ndikafuna kuwakumbukira ndimaona zomwezo, china palibe. Ukufuna nayenso adzatero?"

Ndinatuluka kupita kuseri. M'poto munali mutatsala nyama pang'ono, msuzi utayamba kugwirana. Chiyambire m'mawa ndinali ndisanadye kanthu, ndiye ndinadya chiimirire, m'poto momwemo. Inali yokoma kwambiri, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikuimva kukoma.

Anakhala milungu itatu. Za mwana sanazitchulenso, kupatula tsiku lina pomwe anandifunsa ngati ku Mzimba kumazizira mwezi umenewo, chifukwa juzi anaiwala kumuikira. Anamwalira Lachinayi masana, mvula yoyamba ikugwa, ine ndikuthamanga ndi mabeseni kutchera modontha. Tinakawaika kwathu ku Dedza. Akuchimuna anatumiza anthu awiri, koma mwana sanabwere naye. Anati msewu wawonongeka ndi mvula, komanso ndi wamng'ono.

Ndinkalemba makalata. Ena ankayankhidwa ndi bambo aja, mwachidule: mwana ali bwino, wakhoza mayeso. Ulendo ndinkangouzengereza, poyamba chifukwa cha mkwiyo, kenaka ndinakwatiwa, ana anga n'kubadwa. Panapita zaka zisanu ndi zinayi ndisanamuone.

Nditapita ku Mzimba ndinapeza mtsikana wa Fomu 2, akuchapa kuseri kwa nyumba. Anandigwadira n'kundilonjera m'Chitumbuka, kenaka m'Chichewa cha m'kalasi. Sanandizindikire. Bambo aja, amene tsopano ankayendera ndodo, anamuuza kuti ndine ndani, n'kutisiya awiri pakhonde. Tinakamba za sukulu, za ulendo wanga, za mvula. Ndinali nditakonzeka kuyankha mafunso ovuta, koma iye ankangoyang'ana manja ake onyowa.

Pondiperekeza kokwerera basi anayenda kumbuyo kwanga atanyamula chikwama changa. Tili pafupi kufika anandifunsa, motsitsa mawu.

"Kodi amayi anga anali aatali?"

"Ayi," ndinatero. "Anali aafupi, ngati iweyo."

Anagwedeza mutu. Basi inabwera yodzaza, ndipo ndinaimirira mpaka ku Jenda.