Tsiku Limene Ndinalephera Kufufuta Nambala

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Likoswe, chimandibwerera ndi fungo la matemba okazinga losakanikirana ndi fumbi la pabwalo la mpira kwathu ku Liwonde, pamene ankakhala Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa nimu, atatsamiritsa bolodi yakuda panjinga yawo. Anthu ankabwera kudzabetcha pa matimu a m'midzi, ine ndikulemba maina awo m'kope poti agogo maso anali atayamba kuvuta.

Iwo eni sankabetcha. Tsiku lina anandifotokozera: "Taona, Esinati. Matimu akakhala ofanana mphamvu, woika K100 ndimamulonjeza K180. Anthu khumi aike uku, khumi uku, ndalandira K2,000. Iwine iliyonse, ndibweza K1,800. Yotsalayo ndi yanga."

"Nanga onse akaika mbali imodzi?"

"Pamenepo ndiye pali imfa. Ukaona akuthamangira timu imodzi, fufuta msanga, utsitse mphoto yake, ukweze ya inayo kuti ena akopeke."

Ndili Sitandade 7, timu yathu inafika mufainolo ndi ya ku Kalembo. M'mawa wa tsiku la fainoloyo agogo anadzuka ndi malungo, mano akugundana, koma anati anthu asawakhumudwitse. Analemba manambala ofanana pabolodi nandituma ndekha.

Mzere unali wautali, ndipo aliyense ankangoti "Kalembo, Kalembo." Poyamba ndinasangalala kuona kachikwama ka ndalama kakufufuma. Sindinkadziwa zimene onsewo ankadziwa, zoti goloboyi wathu anali atakwera minibasi mbandakucha kupita ku Joni. Nditafika tsamba lachitatu popanda dzina ngakhale limodzi kumbali yathu, ndinakumbukira mawu a agogo aja. Ndinatenga kansanza kuti ndifufute, koma a Matope, bambo wamkulu thupi wogulitsa nyama pamsika, anandigwira pamkono, dzanja lawo likununkha magazi a mbuzi.

"Iyayi, mwana iwe. Nambala analemba agogo ako. Siisintha."

Sindinaisinthe. Kalembo inawina zigoli zitatu kwa duu.

Podziwa kuti ndalama sizikwana, ndinathamanga ndi kachikwama kudutsa m'minda, ziputu za chimanga zikundicheka miyendo, ndikumva phokoso la obetcha aja pambuyo. Nditangotseka chitseko, pakhomo panadzadza anthu. Wina ankamenya zenera ndi mtengo, wina anakuwa kuti, "Bweretsani machesi!" Ndinabisala kuseri kwa matumba a chimanga, mkodzo ukutsika m'miyendo.

Agogo anadzuka pamphasa, anadzifunda bulangete, natsekula chitseko chonse. Anaima atagwira mphuthu kuti asagwe.

"Palibe amene achoke pano wopanda chake," anatero. "Esinati, tuluka ndi kope. Werenga maina mokweza."

Ndinawerenga, a Matope ataima pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo. Ndalama zinatha maina ambiri akadalipo. Kenako inapita njinga, inapita wailesi, mbuzi ziwiri anazikoka zikulira, malata asanu ndi limodzi amene agogo ankasungira denga anagawana anthu atatu. Otsalawo anatenga chimanga chomwe chija ndinabisalako. Chaka chimenecho tinafika Januwale tikudya gaga, ndipo agogo, pa msinkhu wawowo, anakalima ganyu ku Rivirivi.

Ndinadikira chikwapu masiku ambiri, koma sichinabwere. Nditayesa kupepesa, anangoti: "Ndinakutuma pakati pa anthu olusa ine ndili m'bulangete. Wolakwa ndine." Kubwalo kuja sanabwererekonso.

Lero ndimaphunzitsa ku Balaka, ndipo kubetcha kunalowa m'mafoni. Mlongo wanga wamng'ono, Yohane, amandionetsa yake akumwetulira: "Achemwali, lero lokha ndiwina." Ndikaona manambala aja akutsika ndi kukwera okha, ndimakumbukira bolodi ya agogo ija. Ndimamuuza kuti amene ali kuseri kwa foniyo sadwala malungo, palibe angawagwire pamkono, ndipo tsiku limene zidzavute, pakhomo podzatengedwa mbuzi padzakhala pake.