Umboni wa Bambo Anga

Nditamaliza sekondale ku Chifunde, sukulu ziwiri za bizinesi zinandilandira: yotchuka ya ku Maputo, yokwera mtengo koopsa, ndi ina yotchipa ya ku Tete. Bambo anga sanandifunse n'komwe. Lamlungu anaimirira m'tchalitchi n'kupereka umboni woti mwana wawo akupita ku Maputo. Azimayi anaimba nthungululu, abusa n'kundisanjika manja.

Koma propina, malipiro a sukulu ija, ikanadya ng'ombe zathu ziwiri zolimira, ndipo amayi anga akanabwerera ku khasu ndi msana wawo wovuta uja. Ndinasankha ku Tete.

"Wandinenetsa bodza pamaso pa Mulungu," anatero bambo. Kuyambira pamenepo anasamukira pa benchi yakumbuyo.

Chaka chotsatira ng'ombe zija zinafa ndi matenda, zonse ziwiri. Amayi anagwirabe khasu lomwe lija. Ndikakumbukira mtima umawira, koma ndikalipire ndani?

Lero ndili ndi sitolo yanga ku Cassacatiza, ndipo feteleza wa kumunda kwa bambo ndimagula ndine. Koma kukabwera alendo, amandilozabe n'kunena kuti, "Uyu ndi uja akanapita ku Maputo."