Chambu cha M'dimba Lathu

Bambo atatsala pang'ono kupita ku Zambia kukagwira ntchito pa famu ya fodya, anakwirira chambu m'dimba lathu. Dimbalo lili kudambo, kumunsi kwa mudzi wathu kwa Mavwere, ndipo ndi lomwe limatidyetsa chilimwe chonse: tomato, repu, anyezi, ndi chimanga chootcha. Akuba anali atatitopetsa. Chambu ndi mankhwala otsirikira munda. Amati wakuba akalowa, njira yotulukira imamusowa mpaka eni ake atabwera kudzamumasula.

Amayi anakana kumva za kamasulidwe kake.

"Ine ndine mayi wa mumpingo. Zimenezo muziuza nthochi zanuzo," anatero.

Ndiye bambo anauza ine, titaima pachitsime cha m'dimbamo. Ndinali Folomu 2, ndinkakonda phunziro la zaulimi, ndipo ndinkakhulupirira manyowa ndi mbewu yabwino basi.

"Ukapeza munthu, usakuwe, usamufunse dzina. Umutule katundu, umusukusule ndi madzi a pachitsimechi. Kenako utsogole, iye azikutsata. Usacheuke mpaka mutadutsa pachipata."

"Nanga ikakhala mbuzi?" ndinafunsa ndikuseka.

"Mbuzi siiba, imadya," anayankha bambo. Iwo sanaseke.

Loweruka lina mu Okutobala amayi anapita kumaliro, ine ndinachedwa ndi zochapa. Ndinatsikira kudimba dzuwa lili paliwombo kuti ndikamangirire tomato ku timitengo. Nyengo imeneyo nyenje zimalira mpaka kugonthetsa m'khutu, koma nditayandikira mpanda wathu wa bango kunali zii. Chipata chinali chotsekula.

Mkatimo munali mayi wina, beseni la tomato lili pamutu, khanda lili kumbuyo. Nkhope ndinkaidziwa: anali akazi a tenanti wina wa pa esiteti ya kutsidya kwa dambo, anthu ochokera ku Phalombe. Ankayenda m'mbali mwa mpanda pang'onopang'ono, atakwinyira chitenje m'mwamba ngati munthu wowoloka mtsinje. Anafika pachipata, pomwe ndinaima ine, n'kudutsa osapaona. Pansi panali patapangika kale kanjira ka mapazi awo, kozungulira dimba lonse.

Atabweranso ulendo wachiwiri ndi pomwe anandiona.

"Achemwali, mwadutsa pati? Madzi onsewa!"

"Madzi ake ati, mayi?"

"Musandiseke, inu. Andifika m'chiuno. Chilowereni m'mamawa ndikungofuna poolokera." Anasuzumira kumbuyo kwawo. "Mwanayu wasiya kulira kalekale."

Ndinayang'ana khandalo. Mutu unali utagwera kumbali, milomo itauma, maso ali otseka pang'ono. Dothi lomwe mayiwo ankapondapo linali louma gwa, long'ambika ndi dzuwa. Miyendo yanga inkafuna kuthamangira kumudzi kukaitana anthu, koma anthu onse anali kumaliro, ndipo mwana uja sakanadikira.

Ndinalowa. Ndinawatula beseni lija, tomato wina n'kugwera pansi. Ndinatunga madzi ndi keni yothirira, n'kuwasukusula kumaso. Sanaphethire n'komwe.

"Gwirani bulauzi yangayi, tizipita," ndinatero.

Anagwira. Dzanja lawo linali lozizira ngati latuluka mumtsuko.

Kuchoka pachitsime kufika pachipata si patali, koma tsiku limenelo ndinapamva kutalika. Ndinkayenda pakati pa mizere ya repu, maso ali pachipata. Kumbuyo kwanga ndinkamva chubwi, chubwi, ngati munthu akuvuula miyendo m'madzi. Kutsogolo mapazi anga ankangoutsa fumbi. Khosi linkayabwa kufuna kucheuka. Ndinayamba kuimba chamumtima nyimbo ya kwaya yathu, koma mawu ake anandithawa.

Titatsala pang'ono kufika, anandikokera m'mbuyo mwamphamvu.

"Apa ndi pakuya, achemwali! Tonse timira!"

"Pondani pomwe ndikuponda ine, mayi."

"Inu mukuyenda pamwamba. Ine ndine wolemera."

"Si inu nokha muli ndi katundu, nanenso ndakunyamulani. Tiyeni!"

Sindikudziwa komwe mawu amenewo anachokera. Ndinakoka ndi thupi lonse, bulauzi inang'ambika paphewa, ndipo tonse tinagwera kunja kwa mpanda. Nthawi yomweyo nyenje zinayambanso kulira.

Apo ndi pomwe ndinacheuka. Chitenje chawo chinali chonyowa kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, chikudontha. Mpaka lero ndimadziuza kuti linali thukuta.

Anamasula mwana uja msangamsanga. Ndinali ndi botolo la madzi akumwa lomwe ndinasiya pachipata, ndipo tinamudonthezera pamilomo. Poyamba sanagwedezeke. Kenako anatsokomola, n'kulira mokuwa kwambiri. Mayi ake anakhala pansi akulira naye, ine ndikuseka ngati wopenga.

Atapezako mphamvu, ndinabwerera mkati kukatenga beseni lija, tomato wake ali momwemo.

"Tengani, mayi. Mwavutikira kale."

Anabwerera m'mbuyo, mwana atamukumbatira pachifuwa. Anakana kulandira chilichonse chochokera mkati mwa mpandawo, ngakhale beseni lawo lomwe.