Sing'anga Amene Sanandifunse Kanthu

Zimene ndikulemba pano si nkhani ya m'maluwa. Zinachitika m'thupi langa lomweli, ndipo mkazi wanga akhoza kuchitira umboni. Sinditchula dzina la aliyense, chifukwa ena mwa anthu a m'nkhaniyi timapemphera nawo mpingo umodzi kuno kunja, m'tauni ya Laurel.

Zaka zingapo zapitazo anandipeza ndi khansa ya m'matumbo. Atandichita opaleshoni, ndinayamba kulandira mankhwala a mudiripi aja amati kimo, ndipo dokotala anandiuza mosabisa kuti mwayi wochira unalipo, malinga ndiwamalize osadukiza. Koma kimo samveka pofotokoza: nseru yosatha, m'kamwa momveka chitsulo, tulo tosabwera. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti asing'anga achitchaina amathandiza pa zoterezi, ndiponso kuti ku Rockville alipo ambiri. Vuto linali kusankha.

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga amene amakhala ku Bowie, anadzipereka kundiperekeza. Tili m'galimoto anandikumbutsa lamulo limene tonse tinakula nalo kwathu, lakuti sing'anga weniweni sumuuza chimene wabwerera, amachiona yekha. Nditaseka, anati, "Alamu, sukulu munapitadi, koma izi tisiyireni ife." N'chifukwa chiyani munthu wophunzira sayansi ndinavomera? Ndinadziuza kuti imeneyi ndi njira yomwe timayesera zinthu mu labotale: kubisa yankho n'kuona ngati woyesedwayo alipeza. Maphunziro anga sananditeteze; anangoliveka lamulo la kumudzi jekete.

Woyamba kumuona anali mayi wachikulire, wokhala ndi chiphaso cha boma pakhoma. Asanandikhudze n'komwe anafunsa zimene achipatala apeza, mankhwala amene ndikulandira, ndi dzina la dokotala wanga. Alamu anandiponda phazi, ine ndinangoti ndimatopa. Mayiyo anayang'ana pachifuwa panga, pamene panali potupa chifukwa cha kachipangizo kolowetsera kimo, nati sangandipatse ngakhale tsamba limodzi asanalankhule ndi dokotalayo. Anawonjezera kuti iye khansa sachiza. Angathe kungochepetsa nseru ndi ululu. Titatuluka, alamu anati ameneyu ndi kalaliki chabe, akufuna akaonere mayankho kwa mzungu ngati mwana waulesi pa mayeso. Ndinaseka nawo.

Wachiwiri anali mkulu wina amene ankaonera anthu m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya tiyi ndi mizu. Sanafunse kanthu. Anagwira mtsempha wa pamkono panga kwa nthawi yaitali ali chitsinzinire, anayang'ana lilime, kenako ananena kuti m'mimba mwanga mwamangika chinthu chotentha, ndipo mankhwala a achipatala akufoola magazi anga. Alamu anandiyang'ana ngati munthu amene wapambana mlandu. Lero ndimadzifunsa: ndani akanalephera kuziona zimenezo pa munthu wowonda, wotuwa, woyenda atagwira pamimba? Koma tsikulo ndinamva ngati ndapezeka. Analonjeza kuti chinthucho achisungunula, nandipatsa makungwa ophika ndi timibulu takuda topanda chizindikiro. Anandichenjeza kuti ndisauze achipatala, chifukwa ndi anthu a nsanje. Nazonso sizinandidabwitse. Kodi kwathu alipo amene amauza dokotala kuti dzulo anali kwa sing'anga?

Masabata oyambirira ndinamva bwino, kapena ndinakhulupirira choncho. Ndiye Lamlungu lina m'mawa, tikukonzekera zopita kutchalitchi, mkazi wanga anasiya chiganizo pakati, nati, "Abambo, tabwerani pawindo pano ndikuoneni." Maso anga anali achikasu ngati dzira. Ndinafuna kumuuza kuti si kanthu, koma mawu anakana kulumikizana. M'galimoto, popita kuchipatala, ankandilankhula, ndipo ndinkamva liwu lake bwinobwino koma tanthauzo osalipeza, ngati akulankhula chinenero chachilendo. Msewu umene ndinkadutsa tsiku ndi tsiku sindinauzindikire, ndipo atandifunsa dzina la mwana wathu woyamba ndinangomuyang'ana. Ululu ndinali nditauzolowera. Chimene sindinachidziwe n'chakuti munthu akhoza kuzimiririka m'kati mwake thupi likadali chikhalire pampando.

Nzeru zitabwerera, dokotala anandifunsa ngati ndinamwa china chilichonse kupatula zimene iye anandipatsa. Ndinakana, ngakhale pamenepo. Mkazi wanga anatsegula chikwama chake, natulutsa timibulu tija n'kutiika patebulo. Dokotala sanakalipe, ndipo kufatsa kwakeko kunandiopsa koposa. Anafotokoza kuti chiwindi chavulala, ndipo kimo ayenera kuima mpaka chitachira. Chinachira patapita miyezi. Atandijambulanso, khansa inali itafika m'mapapo. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti kuchiza sanawatchulenso; amalankhula za kuchedwetsa. Kunena chilungamo, anandiuza kuti palibe angatsimikize kuti kimo akanapanda kuima, sikanafalikira. Mwina n'zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti nthawi imene ndinali ndi mwayi inatha ndikudikira chiwindi.

Alamu anabwerera kusitolo kuja, ndipo anawauza kuti mkulu uja anapita ulendo, tsiku lobwera silidziwika. Masiku ano akabwera kudzandiona amakhala pamphepete pa mpando, nthabwala zonse zinatha, ndipo amatsanzika tiyi asanazizire. Sindiwasungira chakukhosi. Anandipatsa nzeru imene iwonso anapatsidwa.

Tsopano ndimapita kwa mayi woyamba uja. Anandikumbukira. Anangofunsanso mafunso ake omwe aja, ndipo ulendo uno ndinayankha onse. Anaimbira foni dokotala wanga ndili pomwepo. Timasingano timene amandibaya nato pakhungu timandithandiza kugona ndi kudya pang'ono. Tsiku lina ndinamufunsa ngati m'madirowa ake onse a mankhwala mulibedi kanthu kamene kangandibweze. Anati, "Mulibe. Kakanakhalamo, ndikanakupatsani tsiku loyamba lija."

Sindikhulupirira kuti mankhwala achitchaina ndi oipa, kapena kuti akuluakulu athu anali opusa. Ndimakhulupirira kuti lamulo lathu lija limasankha munthu wodziwa kuwerenga nkhope za anthu amantha, n'kutaya wodziwa malire a ntchito yake. Abale anga, khansa ikakupezani kuno ndipo mukufuna sing'anga, sankhani amene akukufunsani mafunso mpaka kukutopetsani, amene akufuna kulankhula ndi dokotala wanu, amene akuvomera kuti sachiza khansa. Wokuuzani kuti mubise, muthaweni. Ine woona uja ndinamupeza poyamba penipeni, ndipo ndinamuseka. Lero ndi amene akundithandiza kuti masiku otsalawa ndizigona tulo.